Mwala wa M'ngalande Yanga

Chinali chaka cha 2021, ndili ndi zaka 68. Ndinali kapitawo wa anthu okumba ngalande yoikamo chingwe cha mafoni m'mbali mwa msewu wochoka ku Kadoma kupita ku Chegutu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma ngalande yanga sinakhotepo.

Ndinanyamuka kwathu ku Waverley, komboni ya ku Kadoma, m'mamawa pa minibasi ija amati kombi. Kondakitala anandipanikiza pakati pa dengu la matimati ndi chitseko chomanga ndi waya, ndalama nalandira yonse. M'tauni ndinakwera lole ya kampani. Woyendetsa anali Banda, wobadwira pamgodi, amene Chichewa amamva koma kuyankha amayankha m'Chishona. Kumbuyo tinanyamula gudumu la chingwe, lalitali kuposa munthu. Injiniya anatipatsa mapu nati atipeza masana ndi makina olumikizira.

Ntchito yathu imayenda chonchi. Timakumba mpaka m'chiuno, timayala mchenga, timagoneka paipi, chingwe m'kati mwake. Tikakwirira theka timayala tepi yofiira yochenjeza wokumba wam'tsogolo. M'chingwemo muli timaulusi tagalasi. Chikaduka sumanga mfundo.

Dzuwa litakwera tinaima pa Martin Spur kugula chimanga chootcha ndi maheu. Mayi wogulitsayo anayang'ana gudumu lija, kenaka ine, nanditchula agogo m'Chishona.

"Sekuru, ngalande ija ndi yanu? Bwererani."

Anati dzulo lake wokumba wina anatola mwala wagolide m'ngalandemo nakauonetsa ku mowa. Dzina sanalidziwe, koma anati ndi wamtali, wampata kumano. Ameneyo anali Yohane, mwana wa mlongo wanga wa ku Pfupajena, komboni ya ku Chegutu, bambo wa ana awiri. Ntchitoyo ndinamupezera ndine.

Kuchoka apo msewu unasintha. Anthu ankathamanga m'mbali ndi mafosholo, matumba ndi mabeseni, ena atakwerana atatu panjinga. Banda anayamba kufunafuna potembenukira. Ndinamuuza kuti ayendetse.

Pamsasa wathu wogona okumba tinapeza matenti ali pansi. Anthu anga anawakhazika pamzere ngati ana asukulu. Owalondera anali makorokoza, okumba golide popanda chilolezo, aliyense ndi chikwanje. Mkulu wawo, wovala jezi yampira, ankanola chake pa bokosi lathu la konkire. Yohane anali chogwada, magazi ali m'khutu, manja atamangidwa ndi tepi yathu yomwe.

Yohane anali atawalozera pamene anatola mwalawo. Anakumba kuyambira mbandakucha osapeza kanthu, tsono ankati akubisa. Mkulu uja anati ayamba ndi kumudula dzanja lamanja.

Ndinatsika. Ndinati mwalawo ndinatola ndine, uyu ndinangomusungitsa. Linali bodza. Anandifunsa malo. Ngalande yosakwirira anali ataipeta kale yonse. Malo okha amene akanakhulupirira ndi amene tinakwirira, poti kwa iwo munthu amakwirira chimene akubisa.

Ndinawatsogolera onse kubwerera cha ku Kadoma, tikuyenda pamwamba pa ntchito yanga yomalizidwa, yoyesedwa ndi makina, yovomerezedwa. Pansi pa mtengo wa mthethe ndinaloza ndi phazi. Mkulu uja anandigoneka chikwanje pakhosi chafulati. Chinali chotentha ndi kunola.

"Mudhara, ukanama tikukwirira momwemu, tepi yako pamwamba."

Anayamba kukumba. Ndinaimirira chikwanje chili pomwepo, ndikudziwa kuti pansipo palibe chimene ndinaonapo koma dothi lofiira. Ndinayesa pemphero, mawu ake anandithawa. Tepi inatuluka, anaikoka ngati matumbo a mbuzi. Kenaka piki inalira pa paipi. Kulira kumeneko ndimakumvabe. Wina anasolola chingwe, nachidula kufuna kopa, ataona galasi anatukwana nachiponya m'tchire.

Dzenje linapitirira m'chiuno, linafika m'khosi. Mkulu uja anasiya kuyang'ana dzenje nayamba kuyang'ana ine. Ndinaganiza za amene adzauze mkazi wanga.

Pamenepo wina m'dzenjemo anakweza mwala wonyezimira. Ngati anali golide kapena ayi, sindidziwa mpaka lero. Nthaka ya ku Kadoma imachita zimenezo. Onse anagwera m'dzenje, kukankhana, kupondana, zikwanje m'mwamba. Ife anatiiwala.

Ndinabwerera kumsasa osathamanga, chifukwa wothamanga amaoneka. Anthu anga anali atakwera kale lole, Banda ataliza injini. Ndinamasula Yohane ndi mano. Anaponda pokwerera, naima. Anayang'ana fumbi la ku mthethe kuja. Kenaka anatambasula dzanja lija ankafuna kulidula, natenga piki m'lole.

"Amalume, mwala woyamba unali wanga. Sindingawasiyire."

"Kwera, Yohane."

"Mukawauze amayi kuti ndibwera ndi kanthu."

Ndinamuitana ndi dzina la mfunda wake. Sanacheuke. Kumutsatira sindinathe.

Tinapitirira ulendo mpaka ku Chegutu. Tinakanena kupolisi. Injiniya ndinamuuza zonse pamaso, kuti malowo ndinaloza ndine. Sanandikalipire. Anangondipempha chipewa cha kampani.

Ku Pfupajena ndinafika dzuwa litapendeka. Mlongo wanga ankaanula zovala. Anandilonjera mwaulemu, achimwene mwayenda bwanji, koma maso ake anali kumbuyo kwanga, kuyembekeza wina alowe pageti.

Ndinaphunzira kuti tepi yofiira imachenjeza munthu wokhuta yekha.

Zimene zinatayika pa ulendo umenewo ndi izi. Matenti atatu. Mapiki khumi ndi limodzi. Chingwe cha mtunda umene tinakumba mwezi wathunthu. Ntchito yanga. Ndi Yohane, amene akuti ali moyo cha ku Mubaira, manja onse awiri ali nawo, koma pageti paja sanalowepo.