Udzu Wokwirira pa Dima la Agogo

Amayi anamwalira ndisanadziwe kusenza mtsuko, ndipo abambo, amene anali mkamwini, anabwerera kwawo osaonekanso. Ndinakulira m'manja mwa agogo, m'mudzi wina pafupi ndi Nsaru. Agogo sanali munthu wolongolola. Ankafwenkha fodya wamphuno, ankanditchula kuti mkazi mnzawo, ndipo ndikalakwa sankakalipa.

Ndili wamng'ono, tsiku lina tikupalira, dzuwa linandiwawa ndipo ndinapeza nzeru. M'malo modula udzu ndi kusansa dothi kumizu, ndinkangokokera dothi pamwamba pake. Mzere unaoneka woyera msanga, ine n'kukakhala pamthunzi. Agogo anaona, koma anangopitiriza ndime yawo. Itagwa mvula masiku atatu, ananditengera pamzere womwewo. Udzu unali utatuluka wobiriwira kuposa chimanga. Anandipatsa khasu, iwo n'kukhala pachulu kumafwenkha fodya mpaka ndinamaliza. Kuyambira pamenepo khasu langa linakhala lochedwa.

Chaka chomwe ndinayamba kutalika, m'masiku aja alangizi ankayendera minda kuona ngati mizere yapingasa bwino, agogo anatupa bondo mvula itangoyamba. Chimanga chinamera bwino, koma udzu unamera nacho. Amalume, amene anakwatira ku Kabudula, anabwera panjinga. Monga mwini mbumba, mawu awo anali omaliza.

"Amayi, munda wakukulirani," anatero amalume. "Ukapanda kupaliridwa, inu muzikadya kwa achemwali anu, mwanayu ndimutenga azikalera ana kwathu."

"Ukanditengera mkazi mnzangayu ndizikangana ndi yani?" anayankha agogo.

Amalume anaseka, koma sanasinthe maganizo. Ine ndinali pakhonde ndikusenda mtedza, ndikumva zonse. Kwa amalume kunalibe nkhanza, koma sikunali kwathu.

Agogo anatulutsa chimera chomwe ankasunga, tinaphika thobwa mitsuko iwiri, n'kuitana dima. Pa dima anthu a m'mudzi amabwera ndi makasu awo kudzalima munda wa mnzawo, malipiro ake n'kumwa ndi kudya basi. Anabwera anthu ambiri ndithu. Pakati pawo panali bambo wina amene anali atangobwera kumene ku Joni, wa nsapato zazikulu za kumigodi ndi chipewa chopindika. Panalinso mkamwini wa kwa anansi athu, munthu wamfupi wosayankhula, amene amayi a m'mudzi ankamuseka kuti ngakhale nkhuku za apongozi ake amazipatsa ulemu.

Aliyense anatenga mzere wake, inenso wanga. Bambo wa ku Joni anayambitsa nyimbo, khasu lawo likuthamanga ngati lapsa. Pamene ine ndinkafika pakati, iwo anali atatembenuka kale kachiwiri.

"Iwe mwana wa agogo, ukupalira kapena ukufuna nsabwe m'mutu mwa chimanga?" anafuula.

Anthu anaseka.

"Musiyeni, akupikisana ndi alamu athuwa," anatero mayi wina akuloza mkamwini uja. "Alamu, kwanu amalima ndi singano kodi?"

Mkamwini anangomwetulira, maso ali pansi. Koma ine maso anga sankagona. Ndinaona mmene aliyense ankagwirira khasu, ndipo ndinasunga mumtima kuti mzere uwu ndi wa uje, uwo wa uje. Achinyamata anayi anatengera liwiro la bambo wa ku Joni, poopa kusekedwa. Dzuwa lisanafike pamutu munda unali utatha, woyera wonse, anthu n'kukhala pansi pa mtengo wa msuku kumwa thobwa. Agogo, amene ndinawaperekeza akuyendera ndodo, anathokoza aliyense. Linali tsiku lokoma, ndipo nyimbo zija ndimaziimbabe.

Kenaka kunagwa mvula yamvumbi. Amalume atabweranso, tinapita atatu kumunda. Tili chapatali tinaona kubiriwira pakati pa chimanga. Chisoso ndi kapinga zinali zitadzuka ngati sipanadutse khasu.

"Basi, amayi," anatero amalume. "Thobwa lapita pachabe. Mwanawe, ukamange nsalu zako."

Sindinkayankhula pamaso pa amalume. Tsiku limenelo mawu anangotuluka okha.

"Si munda wonse, amalume."

Anandiyang'ana ngati ayankhulidwa ndi mbuzi. Ndinawatsogolera m'mizere. Ndinawaonetsa kuti udzu sunadzuke paliponse, koma motsatana: mzere wobiriwira, iwiri yoyera, wina wobiriwira. Ndinafukula ndi chala, n'kuwaonetsa udzu wokwiriridwa, mizu yake ili yamoyo.

"Woyerawu anapalira ndani?" anafunsa amalume.

"Alamu a kwa anansi."

"Nanga uwu?"

"Ine."

"Wobiriwirawu?"

Ndinkadziwa. Dzina linali kale pamlomo, ndipo nsabwe zija zinali zikundiwawabe. Ndinayang'ana agogo. Iwo ankagogoda kabotolo ka fodya pachikhatho, osandithandiza. Ndinakumbukira kuti tsiku lija la pachulu sanauze munthu aliyense.

"Anali anthu ambiri," ndinatero. "Mundipatse mpaka Loweruka."

Amalume anakanda ndevu. "Loweruka ndibwera. Ndikapeza udzu, ukwera njinga."

M'mawa mwake ndinalawirira mame asanaume. Mizere yobiriwira inali yambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo udzu wokwirira ndi wovuta, chifukwa umagwira pansi kawiri. Khasu linali la agogo, mpini wake wautali wondipitirira. Pofika masana m'manja munali matuza.

Tsiku lachiwiri ndinamva khasu lina kumapeto kwa munda. Anali mkamwini uja. Palibe anamuitana, ndipo thobwa kunalibe.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka. Iwe yambira uko, ine kuno, tikumana pakati."

Mawu ake anali okhawo mpaka Lachisanu. Ankabwera atamaliza ndime ya apongozi ake, n'kumachoka osatsanzika. Bambo wa ku Joni anadutsa tsiku lina panjira, anaima, n'kunena kuti dothi la kwathu kuno ndi lamwano, la ku Joni silitero. Ndinawapatsa moni mwaulemu. Anaimabe pang'ono akuyang'ana mzere womwe ndinalipo, kenaka anakonza chipewa n'kumapita. Sindikudziwa ngati anauzindikira kuti unali wawo.

Loweruka amalume anayenda munda wonse, mzere ndi mzere, akufukula ndi chala chakuphazi. Panatsala mizere itatu ya kudambo yomwe sitinaifike. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Bwera nalo khasulo."

Analitembenuza, anayang'ana m'manja mwanga, n'kupukusa mutu. Analowa patchire ndi nkhwangwa, anadula mtengo, ndipo madzulo onse anakhala pakhonde akusema mpini. Anandiimiritsa, anauyeza pa ine, anadulako pang'ono, anawotcha msuka wa khasu pamoto n'kuulowetsa.

"Mizere itatu ija umalize Lolemba," anatero, n'kukwera njinga okha.

Agogo anadikira mpaka njinga itazimirira kuseri kwa nkhokwe za anansi.

"Ndiye ulipobe, mkazi mnzanga? Ine ndimati ndipumule."

"Ndilipo."

"Katunge madzi, tione ngati mtsuko nawo ufuna mpini."

Chimanga chinatikwanira mpaka chaka chinacho. Titakolola mtedza, agogo anadzaza lichero n'kundituma kwa anansi, kuti ndikapereke m'manja mwa mkamwini yemweyo, osati mwa apongozi ake. Iye analandira ndi manja awiri, n'kufunsa ngati matuza anapola. Mpini uja ndinalimira mpaka unafupika kwa ine, ndipo agogo anautenga kuti azipirikitsira nkhuku.