Mphasa ya pa Siteji ku Iponga

Ndinayamba sukulu ndevu zitamera kale. Ubwana wanga unathera kubusa, kuweta ng'ombe za bambo ku Iponga, moti pofika Sitandade 5 ndinali nditakwatira. Ana a m'kalasi ankanditcha agogo.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi wachinyamata wa ku Thyolo, wokonda masewero kuposa choko. Ankatiimika pansi pa mtengo wa mango, iye n'kukaima kutali m'munda wa chinangwa n'kumakuwa kuti, "Sindikumva! Agogo, mawu akukodwa m'ndevu!" Ine anandipatsa mbali ya nkhalamba. Ya mayi wamasiye atsikana ankangoiseka, choncho mphunzitsiyo anapempha mkazi wanga, yemwe ankatsogolera nyimbo kutchalitchi.

Sewerolo linali loti tikaonetse pamsonkhano wa chipani, pamaso pa bwana wochokera ku Lilongwe.

Kwathu kwa Ankhonde mkazi saonana ndi apongozi ake aamuna. Akawaona patali amapatuka, n'kufunda kumutu. Aphunzitsi sankazidziwa zimenezi. Ine ndinkafunitsitsa bambo adzaone kuti sukulu sikunditayitsa nthawi, ndiye ndinawaitana, poganiza kuti akaima kumbuyo. Koma poti anali munthu wamkulu, anawapatsa mpando wakutsogolo, pambali pa bwanayo.

Mkazi wanga anatulukira, n'kutsegula pakamwa kuti ayambe nyimbo. Atangoona bambo anakoka chitenje n'kufunda, anatembenuka, ulendo kuseri kwa sukulu. Anali atafulatira bwana, mbendera ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Masiku amenewo munthu ankasowa pa nkhani yochepa kuposa imeneyi.

"Akuthawa ndani ameneyu?" anafunsa bwanayo. Anyamata a chipani anali ataimirira kale.

Aphunzitsi anandigwira mkono. "Agogo, chavuta n'chiyani?"

"Bambo anga."

"Atani?"

"Sanatani. Angokhala."

Ndinawafotokozera mwachangu. Anasolola mphasa imene ankakhalapo azimayi, n'kuuza atsikana awiri kuti aigwire choimika. Kenaka anauza gulu mokweza kuti, "Namfedwa ali m'nyumba ya siwa. Mumva mawu okha." Mkazi wanga anaimba kuseri kwa mphasayo, mawu akunjenjemera ndi mantha enieni. Amayi ena analira. Bwana sanaombe m'manja, anangoitanitsa dzina la mphunzitsi.

Pasanathe mwezi tinapeza nyumba ya aphunzitsi ili pululu. Sanatsanzike. Kufunsa kunali kudziitanira tsoka, ndiye sindinafunse. Sukulu ndinamaliza, ana anabadwa, koma ndikamva za anthu otsekeredwa kummwera chakudya chinkandikanika.

Zaka zambiri zitapita, chipani chikadali chimodzi chomwecho, ndinapita ku Karonga boma kukagulitsa mpunga. Pamsika panali chikhamu, akuti akujambula filimu. Ndili kumbuyo ndinamva munthu akukuwa kuti, "Sindikumva!"

Thumba la mpunga linagwa lokha. Anali aphunzitsi aja, atanenepa, imvi mbuu, ataima pambali pa kamera. Anandiyang'ana kanthawi.

"Agogo! Tsopano dzina lakukwanani."

"Aphunzitsi, anakutengani chifukwa cha ine?"

"Ananditenga, inde. Lole inabwera ndisanamwe ndi tiyi yemwe, nanenso ndinati basi ndapita. Koma bwana uja akuti munthu woliritsa anthu ndi mphasa asamathere pa choko. Ananditumiza kukaphunzira za masewero." Anaseka. "Nanga inu mumati ndili kuti?"

Ndinakhala pa thumba la mpunga lija, n'kumangopukuta m'maso ndi chipewa. Iwo analeka kuseka, n'kukhala pambali panga mpaka mpweya unabwerera.

"Mayi aja akuimbabe?" anafunsa. "Ndikusowa mawu a namfedwa mawa."

"Akuimba."

"Nanga bambo?"

"Anatisiya kalekale."

"Pepani," anatero, n'kuvula chipewa. Atachivalanso anati, "Ndiye mubwere nawo. Mphasa muisiye kunyumba."