Nkhope ya Mayi pa Kakhadi ka Telala

Telala anali mayi wa msoko wowongoka ndi lilime lakuthwa. Ukabwera ndi diresi yong'ambika pakhonde la sitolo pomwe panali makina ake, ankakusokera bwino, koma atayamba wafunsa ngati amene anaisoka poyamba anali ataledzera. Ukwati anaulawa n'kuulavula. Ankakhala ndi bambo ake m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo mtima wake wonse unali pa timakhadi.

Loweruka masana, kuchipinda chakumbuyo kwa laibulale, kunkakumana kagulu ka anthu opanga timakhadi ta zithunzi pamanja, tating'ono tokwana m'thumba la malaya. Wina ankapenta, wina ankamata masamba ouma, Telala ankasokerera tizidutswa ta nsalu pakatoni. Lamulo lawo linali losavuta: kakhadi sikagulitsidwa, kamasinthanitsidwa ndi kanzake, ndipo kazikhala kopanga wekha. Ta Telala anthu ankatilandira mwaulemu ngati mphatso ya sopo. Tinali taudongo, koma palibe ankatilimbirana, ndipo izi zinkamudya mumtima.

Bambo ake anali wolemba zikwangwani mpaka pamene sitiroko inawapha dzanja lamanja. Anafooka, osafunanso kutuluka m'chipinda. Namwino atalangiza kuti aziphunzitsa dzanja lamanzere, Telala anayamba kuwasiyira makatoni otsala ndi penti pang'ono. Mkuluyo anadzuka nazo. Ankakhala pawindo, lilime kunja, kujambula agalu opendekeka ndi njinga za mateyala osafanana, akamaliza n'kuponya m'chitini cha mabisiketi. Ngakhale kudya anayambiranso.

Mlungu wina mayunifolomu a sukulu anamupanikiza Telala, osapeza mpata wopanga timakhadi take. Kuti asapite chimanjamanja, anatapa tingapo m'chitinimo. Atangotiyala patebulo la kulaibulale, anthu anaunjikana ngati pagwa ngozi.

"Mayi Telala, nthawi yonseyi mumatibisiranji?" anatero bambo wometa tsitsi, katswiri wa gululo. "Galu uyu ali moyo. Zansalu zija zisiyeni."

Telala anatsegula pakamwa kuti anene mwini wake, koma kutamandidwa kunamukomera, n'kutsekanso. Paja mbuzi ikalawa mchere sigwirika. Loweruka lililonse ankatapa m'chitini, ndipo pobwerera ankagulira bambo ake zipatso kuti mtima umuleke. Sunkamuleka. Akamva mkuluyo akuimba mluzu pawindo, manyazi ankamugwira mpaka kulephera kuwayang'ana kumaso.

Tsiku lina m'mawa anawapeza atakhuthulira chitini chonse pabedi.

"Mwanawe, kakhadi ka mayi ako kali kuti? Kaja ndinajambula nditangoyamba kumene. Ndikufuna ndikayerekeze ndi ta masiku ano, ndione ngati dzanjali likumva."

Telala anakakumbuka bwinobwino: nkhope ya malemu mayi ake, diso limodzi lokwera, duku wofiira wodonthera penti. Anali atakapereka kwa wometa uja posinthana ndi chithunzi cha mphaka.

"Ndinakasunga pabwino, Bambo. Ndikubweretserani."

Anasiya makina n'kuthamangira kometera. Anapeza wometayo ali pamutu pa kasitomala, ndipo atamufunsa za kakhadiko, bamboyo anangoseka.

"Kakhadi sikagona pamodzi, mayi. Ndinasinthana ndi mlendo wina wodutsa, dzina lake sindinafunse n'komwe. Vuto n'chiyani? Manja si anu omwe? Jambulani kena."

Madzi akatayika sawoleka. Njira yabwino inali kupita kunyumba n'kukagwada, ndipo Telala ankaidziwa. Koma anaopa. Anabwerera pakhonde paja, nakankhira nsalu pambali, n'kuyamba kujambula mayi ake kuchokera m'mutu. Anayesetsa kukhotetsa mizere, mpaka kugwira burashi kumanzere, koma zinkangotuluka zinyalala. Pomaliza anajambula ndi dzanja lake lozolowera, ndipo nkhope inabwera yosalala, maso ofanana, duku wokhala bwino. Anakwinya ngodya imodzi kuti kaoneke kakale.

Bambo ake anakalandira atakhala pawindo. Anavala magalasi, n'kukaika pafupi ndi kakhadi ka dzulo lake, ka mbalame yokhala ngati yathyoka phiko. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku, kwa nthawi yaitali. Telala anaima pakhomo akudikira kuti amugwire bodza. Mwina ankalakalaka atamugwira.

"Kani poyamba ndinkakhoza chonchi," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Ine ndimati ndikupita patsogolo, chikhalirecho ndikubwerera m'mbuyo."

"Ayi Bambo, ta masiku anoti ndi tabwino. Anthu akhoza kutilimbirana."

"Anthu ake ati? Usandinyengerere ngati mwana, maso ndili nawo."

Apo mpamene panali ponenera zonse, za chitini, za Loweruka, za galu amene anthu anati ali moyo. Koma mpatawo unamudutsa. Bambo ake anaviika maburashi m'kapu ya madzi, nawatsuka limodzilimodzi ndi dzanja lawo lamanzere, n'kuwakulunga m'nsanza.

"Tenga, usamatayenso penti pa ine." Kenako anam'patsa kakhadi kaja mosamala, ngati dzira. "Koma aka ukasunge bwino, mwana wanga. Ndi kokhako kamene ndinakhoza."