Mphira pa Phazi la Bobi

Ndinali ndi zaka khumi pamene galu wathu Bobi anaponda botolo losweka kudzala, kuseri kwa nyumba yomwe tinkachita lendi ku Chinsapo. Inali nyengo ya mvula, matope ali ponseponse. Ndinamuveka sokosi yakale kuphaziko, pamwamba pake jumbo ya shuga kuti lisanyowe, kenako n'kukulunga ndi mphira ya legeni yanga. Ndinakoka mwamphamvu ndithu, poti ndinkamukonda galuyo.

Koma tsiku lililonse pobwera kusukulu ndinkapeza phazi lili pamtunda. Ndikanati wadzimasula yekha ndi mano, koma mphirayo inkakhala itadulidwa bwinobwino ndi lumo.

Mtima wanga unathamangira kwa mayi Nachisale a khomo loyandikana nafe. Iwo ndi Bobi sankamwerana madzi chiwabereni nsomba pambaula. Ndinayamba kuwayang'ana cham'mbali. Akatuluka ndi beseni, ine maso pa iwo. Akandiitana, ndinkangodutsa ngati sindinamve. Phazilo ndinkalimanganso, ulendo uliwonse molimba kuposa dzulo, kuti tione atope ndani.

Tsiku lachinayi ndinajomba kusukulu n'kubisala m'bafa la udzu, diso pampata. Posakhalitsa mayi aja anabwera atatenga bonya, lumo ndi kapu ya madzi. Ndinatulukira mwaukali.

“Ndakugwirani lero. Mukufuna afe eti?”

Sanadzidzimuke n'komwe. Anadula mphira n'kuvula jumbo ija. Fungo lomwe linatuluka linandibweza m'mbuyo. Phazi linali litatupa ngati mbatata, zala ziwiri zitada bii.

“Tagwira apa,” anatero. “Pazizira, si choncho? Magazi adutsa pati iwe utamanga chonchi? Ndakuitana kangati kuti ndikuuze, iwe osacheuka?”

Anatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kulikulunga mopepuka ndi kansalu koyera, kenako anamangirira Bobi pakhonde pawo, pamalo pouma. Ine ndinangoima potero, manyazi atandigwira. Mawa lake bambo anga anapita naye kwa dokotala wa ziweto, ndipo zala ziwirizo anazichotsa. Bobi anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri, akutsimphina mpaka tsiku lomwe anafa.

Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira. Sindinalakwitse kuganiza kuti pakhomo paja pali munthu amene akupweteka galu wanga. Analipodi. Ndinamusaka masiku anayi ndi mtima wanga wonse, ndinaonetsetsa nkhope ya aliyense wodutsa, koma sindinaganizeko zoyang'ana manja anga. Botolo lija linangocheka khungu. Zala zija ndinadula ndine.