Mizere Iwiri Inandisiyitsa Uphunzitsi

Inu owerenga, pano ndili pakhomo popanda ntchito, ndipo palibe anandichotsa. Ndinachoka ndekha chifukwa cha mizere iwiri imene ndinaiona pa kompyuta.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linanditumiza kudzaphunzitsa Fizikisi pa sekondale ina kuno ku Kaporo, ndipo ndinakwatiwa konkuno ndi bambo wolima mpunga. Mtima wanga unali udakali pa sukulu, choncho ndinayamba digiri yachiwiri pa intaneti ndi yunivesite ina ya kunja.

Kafukufuku wathu anali wa kadontho kosaoneka ndi maso, kotchedwa kwantamu doti, kamene kamatulutsa kuwala. Kadonthoko amakaika m'kachipinda kokonzedwa pa kachidutswa kobooledwa timabowo tambirimbiri totsekereza kuwala kuti kusathawe. Ziwirizi zikagwirana mwamphamvu, kadontho kamatulutsa kuwala, kachipinda n'kukubweza, kadontho n'kukumezanso, kumangopatsirana choncho. Zikatero, pa chithunzi cha muyeso mzere umodzi umagawika pawiri. Zimenezi ndi zomwe gulu lathu linkasakasaka.

Makina oyezera anali kunjako. Yanga inali kulandira miyeso n'kuisanthula. Musaone ngati zinali zophweka. Netiweki imavuta kuno, magetsi akathima kompyuta imagona, ndipo chaka china madzi atasefukira ndinawoloka nditaisenza pamutu, itakulungidwa m'chitenje ndi pulasitiki. Miyezi inkangotha ndikuona mzere umodzi wokhawokha. Ndinatopa nazo.

Tsiku lina ndili mu sitafurumu ndinatsegula miyeso yatsopano, ndipo mizere inali iwiri, yoonekeratu. Ndinakuwa mpaka anzanga anadzidzimuka. Pulofesa wondiyang'anira nditamuonetsa anasangalala, nati ngati zitatsimikizika adzanditenga kukachita digiri yachitatu, ya udokotala, komweko. Anawonjezera kuti ayambe ayezanso posintha kazizidwe pang'onopang'ono, chifukwa mizere yeniyeni imayandikizana koma sidutsana. Ine ndinangomva za udokotalazo. Mawu oti "ngati" sanalowe m'khutu.

Ndinauza amuna anga, apongozi, ngakhale kutchalitchi anandipempherera za ulendo. Kenako ndinapita kwa ahedi kukasiya ntchito, kuti ndimalize digiri msanga ndikonzekere ulendowo. Ahedi, bambo wachikulire wa konkuno, anayamba kundifunsa m'chiyankhulo chawo.

"Madamu, mukuchimbilira vichi? Mukuthamangira chiyani? Pemphani tchuthi kaye. Nanga ana a Folomu 4 awa muwasiyira ndani?"

Ndinawayankha mwamwano kuti sindinabadwire choko. Amuna anganso anandipempha kuti ndidikire mpunga ukololedwe, koma ndinawaona ngati ansanje.

Miyeso yotsimikizira inachedwa chifukwa makina oziziritsira anawonongeka. Ndinkangokhalira kukwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba kusaka netiweki, anthu opita kumunda akundiona. Miyesoyo itafika, ndinaisanthula ndekha, ndipo ndinaona ndi maso anga mizere ija ikuyandikizana, n'kudutsana bwinobwino ngati anthu osadziwana pamsewu. Mzere wachiwiri unali wa kadontho kena koyandikana nako. Panalibe kugwirana kulikonse. Ndinabwereza kusanthula mpaka mutu kuwawa, koma sizinasinthe.

Pulofesa sanakwiye n'komwe. Anati zoterezi zimachitika kawirikawiri, tiyese kachipinda kena. Za udokotala anati tidikire kaye. Chimene chimandiwawa n'chakuti iye sananame paliponse. Anandichenjeza, ndipo njira yotsimikizira ndinkaidziwa bwino.

Ndinabwerera kwa ahedi mutu uli pansi kukapempha ntchito yanga. Anandilandira mwaulemu, koma anati nkhani inapita kale kumaofesi akuluakulu ndipo iwo alibe mphamvu. Ana anga a Folomu 4 analowa mayeso silabasi isanathe. Pano ndimathandiza kupeta ndi kuanika mpunga, kwinaku ndikusanthula miyeso ina imene ikuonetsabe mzere umodzi. Ndikakumana ndi ana aja kumsika amandifunsa mosaganiza zoipa kuti, "Madamu, ndege ndi liti?" Ndimangoseka.

Inu amene mukuchita kafukufuku kapena mukudikira lonjezo lililonse, chonde ndimvereni. Zotsatira zikakukomerani kwambiri, m'pamene muyenera kuzikayikira koposa. Musalengeze zisanayesedwe kachiwiri, ndipo musataye ntchito imene ikukudyetsani. Wina akakufunsani kuti mukuthamangira chiyani, khalani pansi mumuyankhe. Ine funso limenelo ndinalinyoza, ndipo mpaka lero ndilibe yankho lake.