Pamene Panali Pakuya

Chimene ndimakumbukira ndi mapazi a amayi, opanda nsapato, atatuwa ndi kuzizira pa udzu wa m'paki ku Springburn, kudziko la azungu kumene tinasamukira. Anavala diresi loyera, ine ndili pambali nditanyamula matawulo, udindo waukulu kuposa wina uliwonse umene ndapatsidwapo, poti koleji ndinaisiyira panjira.

Chaka chimenecho amayi ankadikira opaleshoni ya chotupa cha m'mimba. Anali atachoka kwa Apresibateriya n'kulowa Pentekoste, ndipo anatsimikiza mtima kuti timadzi towaza pamphumi sitikwanira munthu wopita kumpeni. Ankafuna kumizidwa thupi lonse, pabwalo, ngati kumtsinje kwathu ku Ntcheu. Dziwe losambiramo la m'nyumba lonunkha mankhwala analikana, ati Mzimu sudutsa siling'i.

Za dziwe lapabwalo tinazimva kwa a Moira, mayi wachikulire wa khomo loyang'anana ndi lathu, amene miyendo inali itawatsekera m'nyumba. Ankasimba za madzi osatenthetsa, ana milomo itada ndi chisanu, zovala zosambira zaubweya zolemera ngati bulangete lonyowa, ndi fungo la viniga pa tchipisi potuluka. Kwathu munthu wamkulu akamalankhula sumudula n'kumufunsa kuti zimenezi ndi za liti. Amayi anavomera mwaulemu, abusa n'kulengeza tsiku.

Tinapita Loweruka, mpingo wonse pabasi, tikuimba. Tinapeza udzu, magoli awiri ndi galu akuchita zake. Mwini galuyo anatiuza kuti dziwelo linakwiriridwa iye asanamere ndevu, litamangidwa la m'nyumba, ndipo anaponda pansi kutisonyeza pamene panali pakuya. Amayi anavula nsapato n'kukaima pamenepo. Nyimbo inatha yokha. Kamvula katayamba kuwaza, abusa anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana amayi.

“Mayi, mvula iyi sitiiwerengera ngati ubatizo.”

“Ndikudziwa, abusa.”

Amayi anagonekedwa m'chipatala Lolemba, ndipo sanatulukemo. Pamaliro akuluampingo ananong'onezana ngati kufuna kubatizidwa kumawerengedwa ngati kubatizidwa, koma sanagwirizane. Ine sindinamve kanthu mumtima tsiku limenelo, ngakhale zaka zotsatira. Ndinangophunzira kudula akuluakulu pakamwa, ndipo mpingo umandidziwa ndi khalidwe limeneli. Funso limodzi lamwano kwa a Moira likanatipatsa nthawi yofunafuna mtsinje.