Mbuzi Yanga Inathera Pachipata cha Paki

Ayi, si njovu zimene ndikuopa, uwauze choncho amalume akowo. Lemba pafonipo, Tadala mdzukulu wanga, ndipo ulembe mmene ndikunenera, usakometse ayi. Yamikani mwana wanga, wafunsa kuti bwanji sindikufuna kukwera nawo galimoto wabwerekayo kukagona m'matenti kupaki ya nyama, ndiponso bwanji ndikukaniza mbuzi imodzi yokha yoti mukawotche kumeneko. Ndikuyankha. Lamulungu lija unabwera nayo kudzationetsa, fungo la dizilo litangondifika m'mphuno, ine ndinamvanso fungo lina, la utsi wa nyama yowamba, chikhalirecho panalibe amene ankawamba nyama m'mudzi monse muno. Mafungo awiriwa kwa ine amayendera limodzi. Ndiye mvera kumene anakumanirana.

Chinali chilimwe cha chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, wayilesi n'kumalengeza kuti sukulu tsopano ikhala yaulere. Ine ndinali nditasinkhuka ndithu, koma ndisanathe msinkhu, ndipo pakhomo la sukulu ndinali ndisanapondepo. Tinkakhala konkuno kwa Nsaru, nyumba yathu inali paja pali mango a achemwali apo. Fodya anali atapita kumsika, zigafa zili mbee, koma fungo lake linali lidakali m'zovala ndi m'mphasa. Kumadzulo akayatsa moto m'madambo, phulusa linkagwera m'ndiwo. Ine diresi ndinali nayo imodzi, yong'ambika m'khwapa, ndipo ndinkachita manyazi kukakhala nayo m'kalasi pakati pa tiana tating'ono. Atsibweni anga a Lufeyo, alongo awo a amayi, ataona zimenezo anandipatsa mbuzi yaikazi ya bere, yoyera ya madontho akuda. Ndinaitcha Mawanga. Anati, "Mbuzi iyi ndi ya sukulu. Ikaswa, mwana mmodzi akhale diresi, wina makope. Aliyense asaikhudze." Kuyambira tsiku limenelo ndinkaidyetsa ndekha, makoko a mtedza, masamba a mbatata, madeya obera amayi. Sukulu yanga yonse inali m'mimba mwa mbuzi imeneyo.

Ababa anga, agogo ako iwe Yamikani, amene sunawaone, anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Kabudula. Munda umene ankalima unali wa amayi, khola la amayi, ngakhale mthunzi umene ankakhalapo unali wa makolo a amayi. Ali mnyamata ankayendetsa thirakitala ku esiteti ina, ndipo bwana wa kumeneko ankakonda kupita kupaki ndi banja lake. Ntchito ya ababa inali kulongedza matenti ndi mipando m'galimoto, kenako n'kuima pachipata kuyang'ana fumbi. Nkhani imeneyi ankatiuza mpaka inatikola. Ndiye chaka chimenecho fodya atayenda bwino ku okushoni, anthu anzawo anagula malata ndi feteleza, iwo anabwera ndi pikapu yakale yobiriwira, imene ankati imakoka ndi matayala onse anayi. Chitseko chimodzi chinkatsekedwa ndi chingwe. Paipi ya utsi inkagwa ikagunda bampu, ndiye ankayenda ndi mkombero wa waya womangira. Pambali pa giya panali kagiya kena kakang'ono, ndipo ababa anatiletsa kukakhudza, poti nawonso sankadziwa ntchito yake.

Anangoti tikupita kupaki. Tenti tinalibe, tinatenga lona wofundira mabelo a fodya. Tinakweza mphasa, miphika, nkhwangwa, ufa, mchere ndi chigubu cha madzi. Kutatsala ndiwo zokha, ababa anaima pakhomo la khola nthawi yaitali. Bwana wawo uja ankanyamula nyama m'bokosi lozizira, ife bokosi lotero tikanalitenga kuti? Kwathu kuno nyama yopita kutali imayenda ndi miyendo yake, imafera komwe ikadyedwe. Atsibweni anali kumaliro ku Nambuma. Amayi anangoti, "Abambo ake, mbuziyo mukuidziwa mwini wake," n'kulowa m'nyumba. Ine ababa anandiuza akuseka kuti Mawanga akupita kukaona abale ake agwape, poti kumudzi kunalibe woidyetsa. Ndinakhulupirira. Usaseke, Tadala, mwana amakhulupirira chimene akufuna.

Tinanyamuka m'mawa, mudzi wonse uli m'mbali mwa msewu. Ababa analiza hutala mpaka tinadutsa pachigayo. Ine ndinakhala kumbuyo pa lona, mbuzi itagona pamiyendo panga, fumbi lofiira likulowa m'mano. Ndikaika dzanja pamimba pake ndinkamva tiana tikugunda. Tinaoloka Bua dzuwa lili pamutu, tinaima kangapo kumanga paipi ija ndi waya, ndipo paliponse pamene taima ndinkatsika kukaithyolera masamba.

Pachipata cha paki tinapeza mlonda wa yunifomu yobiriwira, munthu waulemu wake. Anasuzumira kumbuyo n'kunena kuti chiweto chamoyo sichilowa, chingapatsire nyama matenda kapena kuitana afisi. Anati tikhoza kuisiya kwa anthu a mudzi wapafupi, tidzaitenge pobwerera. Mtima wanga unakhala pansi. Koma ababa anafunsa, "Nanga ikakhala nyama chabe, ikulowa?" Mlonda anati nyama yodya amalola. Basi. Anaitana bambo wina amene ankagulitsa nzimbe pafupi pomwepo, anandichotsa chingwe m'manja, n'kuzungulira nayo kuseri kwa mtengo wa muwanga. Amayi anandigwira mutu n'kuukanikiza pachitenje chawo. Makutu sanandigwire. Atatumbula anapeza tiana tiwiri, tathunthu, taubweya kale. Ndinationa tili pamasamba, ntchentche zitayamba kutera. Bambo wa nzimbe uja, monga mwa mwambo wa wosenda, anapatsidwa mutu, mapazi ndi chikopa, n'kumapita kwawo akuthokoza. Ababa akutsuka mpeni anandiuza kuti, "Ndidzakugulira ziwiri, mayi. Usalire pamaso pa anthu."

Za m'pakimo ndilibe zambiri zokoma zoti ndikuuze. Tisanafike n'komwe pamalo ogona, galimoto inatitimira mumchenga wa kamtsinje kouma. Matayala akumbuyo ankangozungulira kukumba dzenje, akutsogolo ali duu ngati alendo. Ine ndi amayi tinakankha, tinakumba ndi manja, tinayala nthambi, kashembe akutiluma m'miyendo ndi m'khosi. Dzuwa litapendeka kunabwera galimoto ya anthu a mu tauni. Mmodzi anatsika, anapotoza tinthu tina pakati pa matayala akutsogolo, anakoka kagiya kaja kamene ababa ankatiletsa, ndipo pikapu inatuluka ngati ikuyenda pa tala. Anatifunira ulendo wabwino n'kumapita. 

Pamalo ogona anzathu anali ndi matenti a zipi ndi mipando yopinda. Ife tinamanga lona pamitengo, chapatali pang'ono, kuti asamatiyang'ane. Kunkanunkha ndowe za njovu ndi udzu wopsa, koma njovu yeniyeni sindinaione. Ndinaona njiri ikuthamanga mchira uli m'mwamba, ndi anyani amene anatibera tomato. Ababa anawotcha chiwindi n'kukhala pachitsa, mwendo pamwamba pa unzake, monga ankakhalira bwana wawo. Anandipatsa nthuli, ndinakana. Ulendo wonsewo ndinadya mtedza wokazinga ndi madzi.

Tsiku lotsatira kunatentha kwambiri, ndipo nyama inayamba kusintha fungo. Mbuzi yathunthu, anthu atatu, wina sakudya. Amayi anali mkazi woti sangaone nyama ikuwola. Anachita zimene mkazi aliyense wa kuno akanachita. Analowa patchire pang'ono kuti utsi usavute anthu a matenti aja, anadula timitengo, anamanga kathandala, analenga nyama ija mizeremizere, anaithira mchere n'kusonkha moto wa utsi pansi pake. Ine ndinkatola nkhuni. Sitinkadziwa kuti m'paki kathandala kotero amamanga ndi anthu opha nyama mozemba. Utsi utakwera pamwamba pa mitengo, tinangoona alonda atatu a mfuti atatizungulira. Uja wa pachipata sanali pakati pawo, iyeyo anali atapita kukalondera mbali ina ya paki. Anaona nyama yowamba patchire, anaona nkhwangwa ndi mpeni. Atasecha m'galimoto anapeza mkombero wa waya uja, wofanana ndendende ndi umene anthu amatcherera misampha.

Ababa anati ndi mbuzi. Mkulu wa alondawo anati, "Chabwino bambo, tionetseni chikopa kapena mutu." Ababa anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Ndiye mlondayo anatembenukira kwa ine, mwina poganiza kuti mwana sanama. "Iwe mtsikana, nyama iyi ndi ya chiyani?" Ndinati ndi Mawanga, mbuzi yanga ya sukulu, ndipo ndinalira kulira kumene anandiletsa pachipata kuja. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anandikhulupirira, koma anati misozi ya mwana sangailembe m'lipoti. Anawatenga ababa, galimoto ndi nyama yomwe. Ine ndi amayi anatikweza lole ya nkhuni mpaka pamsewu waukulu, ndipo tinafika kuno titasenza miphika pamutu, tikudutsa pakati pa anthu omwe aja anatiimikira manja ponyamuka.

Ababa anamasulidwa mlonda wa pachipata uja atabwerera n'kuwachitira umboni. Anafika wapansi, poti galimoto inakana kulira ndipo anaigulitsa komweko kwa wokonza magalimoto. Anapeza atsibweni akuwadikira pakhonde. Atsibweni sanakalipe. Anangofunsa kuti mbuzi ya mwana wa mbumba yawo ili kuti, ndipo anafunsa funso lomwelo mobwereza, ababa akufotokoza za mchenga ndi za alonda. Ankhoswe anakhala pansi. Zinatuluka zambiri, za feteleza amene sanagulidwe, za denga lodontha, koma mutu wa nkhani unali mbuzi: mkamwini wapha chiweto cha eni mudzi, cha bere, eni ake ali kumaliro. Anawauza ababa kuti ayambe apita kwawo kwa Kabudula mitima izizire. Ananyamula mphasa, wayilesi ndi jekete. Pondidutsa anandigwira paphewa n'kunenanso kuti, "Ziwiri, mayi." Mitima ija sinazizire. Ndinadzamva patapita zaka kuti anakwatira kwina, ndipo kenako ndinamva za maliro awo.

Sukulu inatsegulidwa mvula ili pafupi. Ndinkamva belu, chitsulo cha tayala chomangirira pamtengo, ndili m'munda ndi khasu la ababa, poti mizere inkafuna munthu ndipo amayi anatsala okha. Atsibweni anati chaka chamawa, koma mbuzi zawo zinagwa ndi matenda dzinja lomwelo. Chaka chamawacho ndinatha msinkhu, ndipo mtsikana wotha msinkhu kukakhala Sitandade 1 zinali zoseketsa mudzi. Zotsatira zake ukuzidziwa. N'chifukwa chake lero mawu anga akudutsa m'zala za mdzukulu kuti akufike iwe, mwana amene ndinabereka ndekha.

Ndili mwana ndinkadana ndi alonda aja, ndinkati ndiwo anandilanda ababa. Ndinkadananso ndi kagiya kaja, ndi bambo wa nzimbe amene anapita ndi chikopa. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kunjira ya kwa Kabudula, kudikira munthu wokoka mbuzi ziwiri. Tsopano msana unapindika ndi fodya, ndipo ndikuona kuti alonda ankagwira ntchito yawo. Ndikuonanso kuti ababa sanali munthu woipa mtima. Anali munthu wotopa ndi kuima pachipata kuyang'ana fumbi la ena, wotopa ndi kukhala pamthunzi wa eni, ndipo ankafuna kamodzi kokha kuti fumbi likhale lawo. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma kumvetsa sikunandiphunzitse kulemba dzina langa. Iwo anakhala pachitsa madzulo amodzi ngati bwana, koma amene analipira ndine, ndipo sanandifunse.

Ndiye Yamikani, pita kupaki, ukaone njovu zimene ine sindinazione, udzandiuze. Mwini galimotoyo akuonetse bwinobwino ntchito ya kagiya kakang'ono usananyamuke, usachite manyazi kufunsa. Nyama ugule ku butchala, yochepa yoti muimalize, ndipo mkazi wako asawambe kanthu patchire. Koma mbuzi zili m'khola muno si zanga ayi. Ndi za Tadala yemwe akulembayu, za ku sekondale, ndipo ija unailoza Lamulungu ili ndi bere. Iwe ndiwe tsibweni wake wa mwanayu. Ntchito yako ndi kuima pakhomo la khola kukaniza ena, osati kuloza yonenepa.

Walemba zonse, eti? Za tsibwenizo usafufute, ngakhale akwiye. Pukuta m'masomo, iwe, ungadinde polakwika. Tumiza tsopano, netiweki isanathawe, kenako ukatsekere mbuzi zako.